Mtsinje wanu ungayerenso: zoti muchite kuti nsomba zibwerere, anthu azisambira osadwala

Anzanga, uve umene mukuuwona pa dziwe pomwe ana amasambira sunayambire pamenepo ayi. Walowera kumtunda, pena pa paipi imodzi yokha, pena pa kakhwawa kochokera kukhola, pena mmunda omwe analima mpaka kukagunda madzi. Nde ngati mukufunadi madzi ayere muyenera kukapeza polowera pakepo nkutseka. Kutola mabotolo ndi mapepala a pulasitiki nkwabwino, inenso ndimatola, koma chimene chimadwalitsa mwana kapena kupha nsomba nthawi zambiri sichioneka ndi maso.

Tisanayambe tisiyanitse kaye zinthu ziwiri. Wosambira mdani wake ndi tizilombo ta mchimbudzi cha anthu ndi ndowe za ziweto, timeneti ndi timene timabweretsa kutsegula mmimba, kolera, taifodi, kuwawa kwa makutu ndi maso. Pomwe nsomba, nkhanu, achule ndi tizamoyo ta pansi pa miyala zimafa ndi kuchepa kwa mpweya wa okosijeni mmadzi, matope komanso mankhwala. Madzi atha kuoneka oyera mbee mpaka kumaona mchenga pansi koma muli tizilombo tokwana kugoneka banja lonse. Ubwino wake ngoti suweji ndi ndowe zimavulaza mbali zonse ziwiri, nde mukatseka polowera pamodzi mwathandiza mwana wosambira ndi nsomba yomwe.

Choyamba, uyendeni mtsinjewo ndi mapazi

Osaudziwira pa mlatho pokha. Tenganani anthu awiri kapena atatu, foni ndi kope mmanja, muyambire pomwe anthu amasambira nkumakwera kumtunda. Paliponse pomwe madzi ena akulowa, kaya ndi paipi, ngalande, khwawa, njira ya ng'ombe, jambulani nkulemba malo ake, tsiku ndi nthawi. Ulendowu muuyende kawiri, kamodzi kutauma, kenaka mvula yamphamvu itangokata, chifukwa mtsinje wa tsiku la dzuwa ndi wa tsiku la mvula ndi mitsinje iwiri yosiyana.

Paipi imene ikuchucha pomwe mvula sinagwe kwa sabata yonse, imeneyo muiikire chizindikiro. Nunkhizani. Yang'anani miyala ya kumunsi kwake, mukaona yakutidwa ndi zinthu zotuwa zoterera, zokhala ngati thonje lonyowa likugwedezeka ndi madzi, dziwani kuti pamenepo pakulowa suweji kapena madzi ena owola, amenewo ndi mabakiteriya akudya uvewo. Mukaona madzi akunyezimira ngati pathiridwa oilo, agwazeni ndi kamtengo. Zikasweka tizidutswatizidutswa osalumikizananso, ndi zachilengedwe, musadandaule. Zikabwerera nkugwirananso pompo, ameneyo ndi oilo kapena dizilo.

Ine paipi yoyamba ndinaipeza ndi mphuno. Inali yobisika mu bango, osaoneka olo utaima pafupi, koma fungo lokha. Nditatembenuza mwala kumtunda kwake, masitepe khumi okha, pansi pake panali tizamoyo tikuthawathawa. Kumunsi kwake mwala ulionse unali ndi thonje lotuwa lija, pansi pake matope akuda bii onunkha ngati dzira lowola. Mtsinje umodzi womwewo.

Chachiwiri, funsani tizamoyo ta pansi pa miyala

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi njira yomwe aliyense angathe popanda makina. Botolo la madzi mukalitengera kulabu limangokuuzani za mphindi yomwe munatungayo, koma mphutsi zokhala pansi pa miyala zimakhala mmadzimo miyezi yambiri, zina kupitirira chaka, nde munthu akamatsegula paipi yake usiku anthu atagona, mphutsizo zimaulula.

Mukufunika beseni loyera, kaneti ka timabowo ting'onoting'ono komangirira ku ndodo, ndi majombo. Neti ya udzudzu ya mankhwala ayi, imeneyo imapha tizamoyo tomwe mukufuna kuwerengato. Sankhani posaya pomwe madzi akuthamanga pa nsangalabwi, ikani kanetiko pansi kukamwa kwake kutaloza kumtunda, inu muime kutsogolo kwake nkumapalasa miyala ndi mapazi kwa mphindi zitatu, madzi azikokolera zonse mu neti. Khuthulirani mu beseni muli timadzi pang'ono, dikirani matope adikhe, muona tinthu tayamba kuyenda.

Kokhala ndi timichira titatu kumbuyo, kosambira mothamanga, nthawi zambiri ndi mwana wa kachilombo kamene pa Chingerezi amati mayfly. Ka michira iwiri, kokwawa mokakamira mwala, ndi stonefly, kameneka sikapirira uve olo pang'ono, mukakapeza sangalalani. Palinso kena kamene kamadzimangira kanyumba ka mchenga kapena ka timitengo nkumayenda nako, amati caddisfly, poyamba mumaona ngati kachitsotso mpaka mutaona katulutsa mutu. Ana a tombolombo ndi nkhanu amapirirako pang'ono. Koma mukapeza beseni ladzaza timphutsi tofiira ngati magazi, tinyongolotsi tating'ono ndi misundu basi, zina zonse kulibe, madzi amenewo mpweya ndi wochepa. Timphutsi tofiirato tili ndi zofanana ndi zimene zimafiiritsa magazi athu, nchifukwa chake timatha kukhala pomwe zinzake zafa.

Mukamaliza kuwerenga bwezerani zonse mmadzi. Chitani zimenezi pamalo omwewo, kumtunda ndi kumunsi kwa polowera paliponse, mwezi ndi mwezi ngati mungathe. Ku South Africa anakonza njira yosavuta yotchedwa miniSASS yomwe olo ana asukulu amagwiritsa ntchito, ili ndi zithunzi za magulu a tizamoyoti ndi mapointi ake, mutha kuipeza pa intaneti nkusindikiza. Kumene kuli ng'ona kapena mvuu musalowe, funsani kaye anthu odziwa malowo.

Chachitatu, yezetsani madzi, makamaka mvula ikagwa

Tizamoyo sitingakuuzeni ngati madzi ali abwino kusambiramo, pamenepo pakufunika labu. Chimene amayeza ndi bakiteriya wotchedwa E. coli, amene amakhala mmatumbo mwa anthu ndi nyama. Akapezeka wambiri ndiye kuti chimbudzi chalowa, ndipo pomwe palowa chimbudzi palowanso zina zonse zoyenda nacho. Malamulo a 2006 a bungwe la mayiko a ku Ulaya la European Union okhudza madzi osambiramo amati pa mitsinje ndi nyanja zopanda mchere, madzi apamwamba ndi okhala ndi mabakiteriyawa osapitirira 500 pa mamililita 100, abwino ndi osapitirira 1,000, ndipo sawerengera sampulo imodzi ayi, amaphatikiza za zaka zinayi. Dziko lililonse lili ndi malire ake, funsani anu, koma manambalawa akupatsani poyambira.

Katungidwe nkofunika. Botolo likhale lochokera kulabu komweko, musakhudze kukamwa kwake kapena mkati mwa chivindikiro, mivikani mpaka masentimita 30 pansi moloza kumtunda, tsekani, ikani pozizira pa mdima, lifike kulabu tsiku lomwelo. Zotsatira zimatenga pafupifupi tsiku lathunthu chifukwa amayenera kudikira mabakiteriyawo aswane kuti awawerenge. Ndalama zikakhala zochepa musamwaze masampulo paliponse, tengani atatu okha, kumtunda kwa polowera, kumunsi kwake ndi pomwe anthu amasambira, kamodzi kutauma kamodzi mvula itagwa.

Za mpweya, nsomba zambiri zimafuna okosijeni wopitirira mamiligalamu 5 pa lita, akatsika pansi pa 2 zimayamba kubwera pamwamba kukamwa yasa kenaka kufa. Madzi ofunda amasunga mpweya wochepa, pa madigiri 20 amasunga pafupifupi 9, pa madigiri 30 pafupifupi 7.5 basi. Mukabwereka kachipangizo koyezera, yezani mbandakucha. Masana ndere ndi zomera zimatulutsa mpweya nde nambala imaoneka yokongola, usiku zomwezo zimaumwa, nchifukwa chake nsomba zakufa timazipeza mmawa.

Chachinayi, suweji ndi zimbudzi

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Mizinda yambiri yakale inamanga mapaipi oti madzi a mvula ndi a mzimbudzi aziyenda limodzi, mvula ikachuluka mapaipi amadzadza nkusefukira mumtsinje, anachita kukonza dala chomcho kuti zisabwerere mnyumba za anthu. Ku London mchaka cha 1858 mtsinje wa Thames unanunkha mpaka aphungu kulephera kukhala bwino mnyumba ya malamulo, ndipo zitatero injiniya Joseph Bazalgette anamanga masuweji akuluakulu. Komabe pofika 1957 mbali ina ya mtsinjewo inanenedwa kuti ndi yakufa, mulibe mpweya. Atakonza malo oyeretsera suweji nsomba zinabwerera, lero muli mitundu yopitirira 100. Ku Paris kusambira mumtsinje wa Seine kunaletsedwa mu 1923, ndipo pouyeretsa anawononga ndalama pafupifupi mayuro 1.4 biliyoni, kuphatikizapo kukumba thanki ya pansi ku Austerlitz yosunga malita 50 miliyoni a madzi osefukira, ndipo mu Julaye 2025 anthu wamba analoledwa kusambiramonso. Koma taonani, pa Olimpiki ya 2024 ku Paris komweko mpikisano wa amuna wa triathlon, womwe umayamba ndi kusambira mumtsinjemo, unasunthidwa ndi tsiku limodzi chifukwa mvula inagwa madzi nkuipanso. Mvula ndi imene imayesa ntchito yanu yonse.

Inu mulibe mabiliyoni, koma za pakhomo panu ndi pa anansi zili mmanja mwanu. Chimbudzi chokumba chikhale mamita osachepera 30 kuchoka pamadzi, ndipo pansi pa dzenje pakhale mita imodzi ndi theka pamwamba pa madzi a munthaka. Pomwe madzi ali pafupi, mangani chokwezeka. Sepitiki thanki izipopedwa isanasefukire, ndipo funsani wopopayo komwe akukataya, chifukwa ena amangopita kuseri nkukhuthulira mkhwawa, inu mwalipira ndalama kuti uve wanu ukafike mumtsinje mwachangu. Onaninso mapaipi a bafa, sinki ndi makina ochapira, amisiri ena amalumikiza ku ngalande ya mvula chifukwa ndi yomwe ili pafupi. Kuyesa kwake nkosavuta, wina atsegule mpopi kapena agejemule, wina aime pa ngalande aone ngati madzi akutuluka.

Mchimbudzi chogejemula musaponyemo timapepala tonyowa topukutira ana, mapadi kapena mafuta ophikira otsala. Zimenezi zimagwirana nkutseka paipi, suweji nkutumphukira mumsewu. Mu 2017 ku Whitechapel ku London anapeza chimulu cha zoterezi cholemera matani 130 mu suweji. Matewera otaya aja ndi omwe amandipweteka mtima kwambiri ndikawapeza mmadzi, thewera limodzi ndi chimbudzi chathunthu chokulungidwa mu pulasitiki, ndipo ana amasambira pompo. Madzi a padenga akololeni mu thanki kapena alowe mdzenje la miyala, dontho lililonse lomwe lalowa munthaka silikadzadzitsa suweji.

Chachisanu, minda ndi ziweto

Siyani lamba wa udzu, bango ndi mitengo mmbali zonse ziwiri za mtsinje, osalima, osatentha. Mulifupi mwake malamulo a dziko lanu amanena, afufuzeni, koma olo mamita ochepa amasintha zinthu, ndipo potsetsereka pamafunika wokulirapo. Lamba ameneyu amagwira matope ndi feteleza zisanafike mmadzi, mizu imamanga gombe, mthunzi umaziziritsa madzi. Kumtunda mmunda dzalani vetiva motsata akalozera. Anthu ambiri matope sawawerengera ngati uve, amati ndi dothi basi, koma nsomba zambiri zimaikira mazira pa nsangalabwi ndipo matope akakwirira mazirawo amabanika, tizamoyo tija timasowanso pobisala.

Feteleza musathire mitambo itachita bii, mukungotaya ndalama nkudyetsa ndere. Nayitulojeni ndi fosifolasi za mu fetelezamo zikalowa mmadzi ndere zimaphuka, zikafa mabakiteriya oziwoletsa amamaliza mpweya wonse. Sipuleya ya mankhwala musatsukire mumtsinje olo kamodzi, tungani madzi mukatsukire kutali pa nthaka, ndipo mabotolo a mankhwala asatayidwe mkhwawa. Madzi a dibi chimodzimodzi.

Ng'ombe zikamamwera mumtsinje zimachita zinthu zitatu nthawi imodzi, kugumula gombe, kuvundula matope ndi kunyera momwemo. Ikani chomwera patali nkumatungira kapena kupopera madzi, zikavuta sankhani malo amodzi okha, kumunsi kwa posambira, muwayale miyala. Mulu wa manyowa usakhale pomwe madzi a mvula amadutsa.

Kulankhula ndi mwini munda kapena khola ndi kumene kumavuta kuposa zonsezi. Musapite ngati apolisi. Mutengeni akaone yekha mabeseni awiri aja, la kumtunda ndi la kumunsi kwa malo ake, ndipo mupite ndi chothandiza mmanja, kaya mbande za mitengo, kaya anthu oti amuthandize kukumba chomwera. Munthu amene mwamuchititsa manyazi pagulu sakonzanso kanthu.

Chachisanu ndi chimodzi, osausesa mtsinje ngati bwalo

Ena akati tikukonza mtsinje amadula bango lonse, kuchotsa zipika, kuwongola makona. Ayi ndithu. Chipika chogwera mmadzi ndi nyumba ya nsomba, bango ndi madambo ndi sefa, makona amachepetsa liwiro la madzi, ndipo katumbu amafuna zitsamba zobisalamo. Chotsani pulasitiki, matayala ndi zitsulo, zachilengedwe zisiyeni pokhapokha zikutseka mlatho. Chomera choyenera kuzula ndi namasupuni, amene anachokera ku South America ndipo mzaka za mma 1990 anatseka magombe a nyanja ya Victoria. Muvuuleni mukamuyanike kutali ndi madzi, koma dziwani kuti amakondwa pomwe pali suweji ndi feteleza, mukapanda kutseka zimenezo abweranso.

Chachisanu ndi chiwiri, mafakitale, magalaja ndi akuluakulu a boma

Oilo wakutha asonkhanitsidwe mu chigubu, osathira mu ngalande. Otsuka magalimoto asunthire kutali ndi gombe madzi awo azilowa munthaka. Za mafakitale musalimbane nazo nokha. Mukaona madzi asintha mtundu, thovu lachilendo kapena nsomba zafa, jambulani pompo, lembani nthawi, imbani foni ku ofesi yoona za chilengedwe tsiku lomwelo chifukwa mawa umboni udzakhala utapita ndi madzi. Kenaka lembani kalata, sungani kope yake, lembaninso dzina la amene walandira. Kudandaula pakamwa kumaiwalika, kope ya miyezi khumi yokhala ndi madeti, zithunzi ndi zotsatira za kulabu saikankhira pambali mophweka.

Ku Ilkley ku England anthu wamba anachita zimenezi pa mtsinje wa Wharfe, kuwerenga anthu osambira, kuyezetsa madzi, kujambula paipi ikusefukira, mpaka mu 2020 malowo anakhala oyamba pa mtsinje mdzikolo kulembedwa ngati malo osambirapo, zomwe zinakakamiza boma kumayeza madziwo nkumalengeza zotsatira. Kulembedwako sikunayeretse madzi tsiku lomwelo, zotsatira zoyamba zinatuluka zoipa, koma kuyambira pamenepo palibe amene akanakananso kuti vuto lilipo. Ngati malamulo a kwanu ali ndi mwayi ngati umenewu, ugwiritseni ntchito.

Chachisanu ndi chitatu, osambira adziteteze pomwe ntchito ili mkati

Mvula yamphamvu ikagwa dikirani masiku awiri musanalowe, atatu ngati madzi akadali ofiira. Osameza madzi, osalowa ndi chilonda, chifukwa mkodzo wa makoswe ndi ziweto umafalitsa matenda a leptospirosis kudzera pa mabala ndi mmaso. Mukamva malungo ndi kuphwanya kwa thupi patatha masiku mutasambira, uzani adokotala kuti munali mumtsinje. Madzi obiriwira ngati munthu wathiramo penti, amenewo osayandikira, agalu ndi ziweto zomwe, ndere zamtundu umenewo zili ndi poizoni ndipo kuwiritsa sikuchotsa.

Kumadera otentha kuli likodzo. Munthu wodwala akakodza kapena kunyera mmadzi mazira amaswa nkulowa mu nkhono, mu nkhonomo tizilombo timachulukana nkutuluka, kenaka timaboola khungu la aliyense amene ali mmadzimo, olo madziwo akuoneka oyera bwanji. Nde chimbudzi chaukhondo pafupi ndi malo osambira, koma patali mokwanira ndi madzi, ndi gawo la ntchito yoyeretsa mtsinje. Mankhwala a likodzo ndi praziquantel, mwana akamakodza magazi apite kuchipatala msanga. Ikani chikwangwani posambirapo, muzilembapo tsiku lomwe madzi anayezedwa komaliza ndi zomwe zinapezeka.

Mukatseka polowera pamodzi bwererani pa miyala yomwe ija ndi beseni lanu. Paipi ya mu bango ija inapezeka kuti inkachokera ku sepitiki thanki yong'aluka, mwini wake sankadziwa nkomwe, ndipo tinamuthandiza kukumba pokonza. Thonje lotuwa lija linatha pasanapite nthawi, fungo linatsala pang'ono mmatope mpaka madzi a mvula atakokolola. Nyengo yotsatira nditapalasa miyala ya kumunsi timphutsi tofiira tinalimobe, koma pakona pa beseni panali kachitsotso kamchenga kakuyenda kokha. Ndinalemba mkope, tsiku, malo, caddisfly mmodzi, kenaka tinakwera kumtunda kukaona ngalande yotsatira.